Kalabu ya paintball imene inataya buku lake: lipoti la nkhani ya pa yunivesite ina ku England

Ndimagwira ntchito m'bungwe la ophunzira pa yunivesite ina ya m'chigawo chapakati cha England, mu ofesi yoyang'anira makalabu. Ife ndi amene timavomereza kalabu yatsopano, kuigawira ndalama za chaka, kusunga makiyi a minibasi, kuona za inshuwalansi, ndiponso kuitanidwa kukafotokoza zinthu zikavuta. Lipoti lino ndi la kalabu imodzi ya masewera a paintball, oomberana timipira ta penti ndi mfuti za mpweya, kuchokera pamene inabadwa kufikira pamene ili lero. Yunivesite, ophunzira ndi eni malo sindiwatchula mayina, ndipo za kuchipatala ndazilemba ndi chilolezo cha wophunzira amene anavulala diso pa masewerawa. Ndalembera makamaka anzanga amene amayang'anira magulu a ophunzira okhala ndi zida zoti zikhoza kuvulaza munthu.

Masewerawo ndi zida zake

Paintball inaseweredwa koyamba mu June 1981 ku Henniker, m'boma la New Hampshire ku America. Anthu 12, pakati pawo Charles Gaines, Hayes Noel ndi Bob Gurnsey amene anakonza zonsezo, anasakana m'nkhalango ndi mfuti za Nel-Spot 007. Mfuti zimenezi kampani ya Nelson inkazigulitsa kwa anthu a zankhalango ndi oweta ng'ombe, kuti azitha kuika chizindikiro cha penti pa mtengo kapena pa ng'ombe ataima patali. Choncho chidachi chinapangidwira khungwa ndi chikopa. Zonse zoteteza munthu, zigoba zakumaso, malire a liwiro, maukonde, oyang'anira m'bwalo, zinabwera pambuyo, ndipo zili kunja kwa mfutiyo. Munthu akhoza kulandira mfuti yogwira bwino ntchito koma osalandira chilichonse mwa zimenezi. Nkhani ya kalabuyi yagona pamenepo.

Kampira ka penti n'kotambalala pafupifupi mamilimita 17, kolemera pafupifupi magalamu 3. Chikopa chake ndi cha gelatin, m'kati muli utoto wosungunuka m'madzi. Malire odziwika a liwiro ndi mafiti 300 pa sekondi, kapena kuti mamita 91 pa sekondi, ndipo mabwalo ambiri amatsitsa kufika pa 280. Pa ntchafu kapena pamsana kamangosiya chipsera chozungulira cha masiku angapo. Koma diso ndi nkhani ina. Mafupa ozungulira diso amatchingako mpira wamiyendo kapena chibakera, pamene kampira aka n'kakang'ono moti kamadutsa pakati pa mafupawo n'kumenya diso lenilenilo.

M'badwo woyamba

Kalabuyi inayamba zaka zochepa fizi ya yunivesite ku England isanakwere kufika pa £9,000 pachaka mu 2012. Anaiyambitsa anyamata ndi atsikana angapo ophunzira zauinjiniya. Mmodzi wa iwo, amene anakhala wapampando woyamba, anali atagwirapo ganyu ya uyang'aniri pa bwalo lina la paintball la malonda asanabwere ku yunivesite. Poyamba kalabu inalibe chida chilichonse. Ankangosonkhanitsa anthu, kubwereka minibasi, n'kupita ku bwalo la malonda lomwe linali membala wa UK Paintball Sports Federation, bungwe la masewerawa ku Britain. Kumeneko ankabwereka zonse, ndipo eni bwalo ndi amene ankalangiza osewera, kuyeza mfuti ndi kuyang'anira masewera.

Amene anapitako ku mabwalo otere amadziwa kuti ndalama yolowera si yambiri. Chimene chimadya thumba ndi penti. Mabwalo amagulitsa timipira 100 pa mtengo wokwera, pamene bokosi la timipira 2,000 logulidwa kusitolo limatuluka motchipa kwambiri pa kampira kamodzi. Ndiye m'chaka chachiwiri komiti inapempha ndalama ku bungwe la ophunzira kuti igule zida zake: mfuti za Tippmann 98, zomwe zimadziwika ndi kulimba, matanki a mpweya wa CO2, zigoba, timasokosi totseka kukamwa kwa mfuti, ndi chronograph, kachipangizo koyezera liwiro la kampira. Anagwirizana ndi eni bwalo kuti azibwera ndi zida zawo pamasiku a osewera ozolowera. Pempho lawo lidakalipo m'mafayilo athu, ndipo ndi limodzi mwa mapempho olembedwa bwino amene ndinawerengapo.

Wapampando uja anagulanso buku lachikuto cholimba n'kuliika m'bokosi la zida. M'bukumo ankalemba tsiku limene thanki iliyonse iyenera kukayezedwanso, tsiku limene galasi la chigoba chilichonse linasinthidwa, ndi liwiro la mfuti iliyonse pa tsiku la masewera. Kumapeto kwa buku analembako malangizo amene ankawerengera anthu atsopano asanagwire mfuti.

Pali chinthu chimodzi chimene chinachitika nthawi imeneyo chomwe palibe anachiona ngati vuto. Paintball si imodzi mwa masewera a British Universities and Colleges Sport, bungwe limene limayendetsa mipikisano ya mayunivesite kuyambira 2008. Pa chifukwa chimenechi kalabuyi sinaikidwe m'gulu la makalabu a masewera, amene zida zawo zimayenderedwa chaka ndi chaka. Inaikidwa m'gulu la magulu wamba, pamodzi ndi a chess, a zisudzo ndi a kwaya. Kumeneko chofunika n'kudzaza fomu younikira zoopsa kamodzi pachaka basi. Matanki a mpweya wopanikizidwa anakhala pa alumali imodzi ndi zovala za zisudzo kwa zaka zambiri.

Momwe zinthu zinakokolokera

Digiri ku England nthawi zambiri imatenga zaka zitatu, osati zinayi monga kwathu ku Malawi. Wophunzira amalowa kalabu chaka choyamba, amalowa komiti chaka chachiwiri, chaka chachitatu watanganidwa ndi mayeso omaliza, kenako wapita. Pakangotha zaka zitatu simukhalanso munthu amene anaona oyambitsa. Kwathu timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kalabu ya ophunzira ilibe dambo, wamkulu wa onse amakhala wa zaka 21.

M'badwo wachiwiri unagawikana. Ena anakonda mtundu wa mpikisano, woseweredwa pa bwalo laling'ono la zotchinga zopopedwa mpweya, anthu asanu mbali iliyonse. Amenewa anagula mfuti zawo zoyendera batire, matanki awo a mpweya wamba wopanikizidwa ndi zigoba zawo zodula, n'kumapita ku mipikisano ya CPPS ku Staffordshire. Iwowa ndi amene ankadziwa zida, koma zida za kalabu sankazigwiritsanso ntchito, choncho sankaziyang'ana. Zinasiyidwa m'manja mwa osewera a apo ndi apo, amene ankadziwa kuombera koma osati kusamala.

M'badwo wachitatu unapeza mavuto awiri. Loyamba linali ndalama: mamembala anachepa, ndipo ambiri ankadandaula kuti tsiku limodzi la masewera likuwadyera ndalama ya chakudya cha sabata. Lachiwiri linali dalaivala. Kuti munthu wa laisensi wamba ayendetse minibasi ya bungwe ngati lathu, lamulo limafuna kuti akhale wa zaka 21 kapena kuposa ndipo akhale ndi laisensiyo kwa zaka ziwiri. Pakati pa ophunzira olowa ali ndi zaka 18, anthu otere ndi osowa. Dalaivala wawo atamaliza maphunziro, ulendo wa ku bwalo lakale lija unakhala wovuta kukonza. Pamenepo membala wina anati wachibale wake ali ndi famu pafupi, yokhala ndi kankhalango kumapeto, ndipo akhoza kumasewerako ulere. Komiti inavomera. Sinabise dala poyamba. Inangoona ngati ndi nkhani ya m'kati mwa kalabu. Fomu younikira zoopsa inapitiriza kutumizidwa ku ofesi chaka ndi chaka, yokoperedwa kuchokera ku ya chaka chatha, ikutchulabe bwalo la malonda, oyang'anira ake ndi ukonde wake.

Chizindikiro choyamba

Ine ndinayamba ntchito kalabu ili kale m'manja mwa m'badwo wachinayi. Chimene chinandiimitsa si nkhani ya chitetezo ayi, koma malisiti. Kumayambiriro kwa chaka cha maphunziro msungichuma anabweretsa malisiti a chaka chatha kuti abwezeredwe ndalama. Munali malisiti a mabokosi a penti ogulidwa pa intaneti ndi a kudzazitsa mpweya, koma munalibe lisiti ngakhale limodzi lolipirira bwalo. Anapemphanso ndalama zogulira thanki yatsopano, chifukwa sitolo yodzaza mpweya inakana kudzaza ina mwa matanki awo. Nditafunsa chifukwa chake, anati mwini sitolo anangoloza manambala osindikizidwa pakhosi pa thankiyo. Msungichumayo sankadziwa kuti manambalawo ndi deti, ndiponso kuti matanki otere amayenera kuyezedwa ndi madzi opanikizidwa pakapita zaka zisanu zilizonse.

Ndinaitanitsa wapampando. Anandiuza za famu mosabisa, ndipo amaoneka wonyadira kuti apulumutsa ndalama za mamembala. Tsiku lomwelo ndinalemba kalata yoimitsa maulendo onse a kalabu kufikira titayendera zida ndi kukambirana za malo, ndipo ndinawachotsa pa ndandanda wa minibasi. Imeneyi ndiyo mphamvu imene ofesi ngati yathu ili nayo: ndalama, galimoto ndi chipinda cha zida.

Apa anzanga muonetsetse. Komiti inali italonjeza kale ophunzira atsopano tsiku loyesera masewera, ndipo ndalama anali atatolera. Bokosi lina la zida linali kunyumba kwa mlembi, osati m'chipinda chathu. Kumapeto kwa sabata lomwelo anapita ku famu pa magalimoto awo. Kuletsa minibasi sikunaletse masewera. Kunangowachotsa pamaso pathu.

Tsiku la ngozi

Unali m'mawa wozizira ndi wachinyontho, monga imakhalira nyengo ya mwezi wa October kuno. Wovulalayo anali wophunzira wa chaka choyamba, ndipo linali tsiku lake loyamba kugwira mfuti ya penti. Malangizo amene analandira anali a momwe mfuti imaomberedwera ndi kumene kuli mbendera ya adani. Anauzidwanso kuti asavule chigoba, koma mwachidule, pakati pa nthabwala zina. Panalibe munthu wosasewera woti aziyang'anira. A komiti onse anali m'matimu.

Chigoba chimene anapatsidwa chinali cha galasi limodzi, lokandikakandika. Atathamanga pang'ono, thukuta ndi mpweya wa m'kamwa zinachititsa nkhungu pagalasi. Anamenyedwa paphewa, anakweza dzanja monga anauzidwa, nayamba kutuluka. Koma pa famupo panalibe malo otchingidwa ndi ukonde. Amene wamenyedwa ankangopita kukaima pafupi ndi magalimoto. Ali m'njira, osaona kumene akuponda pakati pa mizu ndi minga, anakankhira chigoba pamphumi kuti apukute galasi. Kampira kochokera chammbali, koomberedwa munthu wina, kanamupeza pa diso lakumanzere.

Zimene zinachitika m'mphindi zotsatira n'zimene zinapulumutsa zambiri. Anzake anafuna kumupukuta penti ndi nsalu ndi kumutsegula diso kuti aone. Wophunzira wina wa unamwino amene analipo anawaletsa. Anamukhazika tsonga, anadula tsinde la kapu ya pepala n'kuliphimba pa disolo kuti chilichonse chisalikanikize, n'kulamula kuti apite kuchipatala nthawi yomweyo. Anayesa kuimbira ambulansi, koma palibe amene ankadziwa adiresi ya malowo kapena njira yolowera galimoto yaikulu, choncho anamutengera pa galimoto ya mmodzi wa iwo.

Kuchipatala anapeza kuti diso silinaphulike, koma magazi anadikha m'chipinda chakutsogolo kwa diso, vuto limene madokotala amalitcha hyphema, ndipo retina, kachikopa ka m'kati kumbuyo kwa diso kolandira kuwala, inavulala. Anamupatsa mankhwala odontheza m'maso, anamuuza kuti apume, azigona mutu uli m'mwamba, ndipo asamwe aspirin kapena ibuprofen, chifukwa m'masiku oyamba magazi akhoza kutulukanso, ndipo kutuluka kwachiwiri kumakhala koopsa kuposa koyamba. Ankapita kukayezetsa kuthamanga kwa madzi a m'diso pafupipafupi. Pano ndionjezepo mawu kwa ife a ku Africa: munthu amene ali ndi matenda a magazi a sickle cell, ngakhale amene amangonyamula chibadwa chake osadwala, ali pa chiopsezo chachikulu diso likadikha magazi motere, chifukwa maselo ake amatseka njira zotulukira madzi a m'diso. Wotere auze dokotala msanga, asadikire kufunsidwa.

Zimene tinapeza

Tinatolera zida zonse, za m'chipinda ndi za kunyumba kwa mlembi, n'kupita nazo kwa katswiri wa pa bwalo lina la malonda kuti aziyeze ife tikuona.

Palibe thanki ya CO2 ngakhale imodzi imene inali m'kati mwa nthawi yake. Chronograph inapezeka pansi pa bokosi, batire litaola m'kati. A komiti ena sankadziwa kuti n'chiyani. Timasokosi ta mfuti tambiri tinali titasowa. Zigoba zinali ndi chizindikiro cha muyezo woyenera, ASTM F1776, koma magalasi ake anali omwe aja a tsiku logula. Angapo anali ndi timing'alu m'mphepete, ndipo mlembi anavomera kuti ankawatsuka ndi mankhwala otsukira mawindo, amene amafooketsa pulasitiki ya polycarbonate.

Mfuti zingapo zinadutsa mafiti 300 pa sekondi pa chronograph ya katswiriyo. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. CO2 imakhala yamadzi m'thanki, ndipo mphamvu yake imatsatira kutentha: m'chipinda chofunda imakhala pafupifupi 850 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya wopanikizidwa), kukazizira imatsika. M'mawa wozizira mfuti imaombera mofooka, wosewera amatenga kasipanala n'kupotokola sikuluwu ya liwiro kuti kampira kazifika. Dzuwa likatuluka, kapena thanki ikakhala m'galimoto yofunda, mphamvu imakwera koma sikuluwu ili pomwe paja. Popanda choyezera, palibe angadziwe. Ndi chifukwa chake mabwalo ambiri anasamukira ku mpweya wamba wopanikizidwa, wa matanki a 3,000 kapena 4,500 psi, umene umadutsa pa regulator, kachipangizo kolinganiza mphamvu ya mpweya, ndipo susinthasintha motere.

Komabe mu lipoti langa ndinakana kunena kuti liwiro ndi limene linavulaza. Ena m'komiti yofufuza ankafuna kuti tilembe choncho, chifukwa n'chinthu chokhala ndi nambala, ndipo chikanaloza munthu mmodzi amene anapotokola sikuluwu. Koma kampira ka liwiro lovomerezeka la 280 kakanavulaza disolo chimodzimodzi. Chinavulaza n'chakuti chigoba chinali pamphumi m'malo oti anthu akuomberana. Ndipo chinafika pamphumi chifukwa galasi linachita nkhungu, malangizo anali opepuka, panalibe woyang'anira woti akuwe, panalibenso ukonde woti munthu akavulire chigoba kumbuyo kwake. Pa bwalo lakale lija zonsezi zinalipo, ndipo ophunzira sankaziona n'komwe, chifukwa ankazichita ndi eni bwalo.

Inshuwalansi ya bungwe lathu imateteza zochitika zovomerezedwa monga zalembedwera pa fomu. Masewera a pa famu sanali pa fomu, ndipo tsiku limenelo anali ataletsedwa. Mlimi nayenso analibe inshuwalansi ya masewera otere. Ophunzira a m'komiti atamva zimenezi ndi pamene anazindikira kuti mlandu ukanatha kugwera iwo eni.

Pofunsa a komiti mmodzimmodzi, ndinaona kuti palibe amene ankadziwa kuti kalabu inayamba yakhalapo ndi njira ina yochitira zinthu. Kwa iwo famu ndiyo inali mwambo. Izi zinandichititsa kuyamba kufufuza mbiri ya kalabu, ntchito imene poyamba sinali m'gawo la kafukufuku. Kudzera pa tsamba lakale la kalabu pa Facebook ndinapeza wapampando woyamba uja, amene tsopano ndi injiniya mumzinda wina. Iye ndi amene anandiuza za buku. Tinalitsatira kuchoka kwa munthu uyu kupita kwa uyo, mpaka tinalipeza kwa msungichuma wa m'badwo wachiwiri, m'katoni ya mabuku a kusukulu kwa makolo ake. Analitenga kuti akalembemo zina pa tchuthi, anamaliza maphunziro, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsamba lomaliza kulembedwa linali ndi mndandanda wa matanki oyenera kuyezedwa chaka chotsatira.

Titayala mbiri yonse patebulo, zinaoneka kuti palibe komiti imene inasankha kutaya chitetezo. Pa kusinthana kumodzi kwa maudindo panatayika buku. Pa kwachiwiri panatha ubale ndi eni bwalo. Pa kwachitatu panatayika zifukwa za malamulo, ngakhale malamulo ena ankanenedwabe pakamwa. Kusinthanaku kunkachitika mu June, mayeso atatha, anthu akulongedza katundu, ndipo nthawi zambiri kunkangokhala kupatsirana kiyi ndi pasiwedi ya imelo.

Zimene tinasankha, ndi zifukwa zake

Ofesi ya chitetezo ya yunivesite inkafuna kuti kalabu itsekedwe kotheratu. Maganizo awo ndinawamvetsa, koma ndinatsutsa pamaso pa matrasti, akuluakulu oyang'anira bungwe lathu. Umboni unali pomwepo: ophunzirawa anali ataonetsa kale kuti akhoza kusewera popanda ife. Kutseka kalabu kukanachotsa dzina lathu pa ngozi yotsatira, koma ngoziyo sikukanaichotsa. Matrasti anavomera kuimitsa kalabu kwa teremu imodzi m'malo moitseka.

Wapampando ndi mlembi anachotsedwa m'komiti ndi kuletsedwa kukhala pa udindo m'kalabu iliyonse, chifukwa chonyozera kalata yoimitsa maulendo. Sitinapemphe yunivesite kuti iwachotse sukulu. Kunyozerako kunali kwawo, koma zida zoola ndi fomu yonama anazilandira kwa amene anawatsogolera, ndipo dongosolo la bungwe ndi limene linalola kuti fomu yotero izidutsa popanda woiyerekeza ndi malisiti.

Matanki onse tinawatulutsa mpweya n'kuwapereka kuti akaphwanyidwe. Zigoba tinadula malamba ndi kuswa magalasi tisanazitaye, kuti wina asakazitole m'bini. Mfuti tinazigulitsa ku bwalo la malonda. Kenako tinachita chinthu chimene ena anadabwa nacho: tinagulira kalabu zigoba zatsopano, za magalasi awiri okhala ndi mpata wa mpweya pakati, amene sachita nkhungu msanga. Maganizo anga anali akuti mfuti ndi thanki zimafuna ukatswiri umene kalabu singausunge zaka zambiri, ndipo mabwalo amabwereketsa zabwino. Koma zigoba zobwereka nthawi zambiri zimakhala za galasi limodzi, ndipo nkhungu ndiyo imavulitsa anthu atsopano chigoba. Kusamala chigoba n'kosavuta kuphunzitsa: madzi ofunda, nsalu yofewa, kuyang'ana ming'alu, ndi kusintha galasi chaka chilichonse.

Kalabu tinaisamutsira m'gulu la makalabu a masewera, kuti zida zake ziziyenderedwa. Inaloledwa kusewera pa mabwalo a mamembala a UK Paintball Sports Federation okha. Koma lamulo limeneli palokha likanabwezeretsa vuto la ndalama limene linawathamangitsira ku famu, choncho ndinapita ndi komiti yatsopano kukakambirana ndi bwalo lina. Mayunivesite ambiri kuno saphunzitsa Lachitatu masana kuti ophunzira achite masewera, ndipo imeneyo ndi nthawi imene mabwalo amakhala opanda anthu. Eni bwalo anavomera kugulitsa penti pa bokosi m'malo mwa timipira 100, kalabu ikamabwera Lachitatu. Za dalaivala tinazithetsa pogawana minibasi ndi kalabu ya okwera mapiri, imene imakhala ndi ophunzira a digiri yachiwiri.

Gawo limene ndinalimbikira kwambiri ndi la kusinthana maudindo. Chisankho tinachisunthira ku March, kuti komiti yakale ndi yatsopano ziyendetse limodzi maulendo angapo chaka chisanathe. Tinaika mpando umodzi wa wophunzira wa chaka choyamba, amene amakhala wothandiza woyang'anira zida n'kudzalowa m'malo mwake. Buku latsopano limakhala mu ofesi yathu, osati m'bokosi, ndipo kiyi ya chipinda cha zida saperekedwa munthu asanalembemo. Masamba oyamba a bukulo ndi mbiri ya kalabu, kuphatikizapo nkhani ya ngoziyi, yolembedwa mosabisa koma yopanda mayina. Komiti iliyonse yatsopano imawerenga masambawo ine ndili pomwepo. Mu ofesi namonso tinasintha kachitidwe: amene akuvomereza malisiti a kalabu iliyonse ya zida amakhala ndi fomu yake younikira zoopsa pambali, n'kuona ngati malo a pa lisiti ndi omwe ali pa fomu.

Zimene zinatsatira

Magazi a m'diso la wophunzira uja anauma okha, sanatulukenso, ndipo kuona kunabwerera pafupifupi monga kale. Madokotala anapeza kuti njira yotulukira madzi a m'diso inang'ambika pang'ono, ndipo kuvulala kotere kukhoza kubweretsa glaucoma, matenda oononga kuona, patapita zaka zambiri, choncho ayenera kumayezetsa diso chaka chilichonse moyo wake wonse. Dipatimenti yake inamuonjezera nthawi yoperekera ntchito za teremu imeneyo. Banja lake linalemba dandaulo ku bungwe, ndipo linayankhidwa ndi lipoti lonse la kafukufuku, osachotsamo kanthu. Anamaliza digiri yake. Ku paintball sanabwererenso.

Si zonse zinayenda monga tinafunira. Osewera mpikisano anaona kuti malamulo atsopano akuwapanikiza, anatuluka n'kukapanga timu yawo kunja kwa bungwe, ndipo kalabu inatsala ndi anthu ochepa odziwa masewera. Wapampando woyamba anavomera kukhala mlangizi wosalipidwa, anabwera kangapo, kenako ntchito ndi banja zinamutenga. Mpando wa wophunzira wa chaka choyamba zaka zina umasowa woufuna.

Dongosololi linayesedwa kwenikweni ndi mliri wa Covid-19. Dziko litatsekedwa mu March 2020, kalabu inagona nthawi yaitali, ndipo komiti yonse inamaliza maphunziro osasinthana maudindo ndi wina aliyense. Masewera ataloledwanso, anabwera ophunzira atatu amene sanaonepo kalabu ikuyenda, kudzafunsa ngati angaidzutse. M'mbuyomu akanangopatsidwa kiyi. Ulendo uno anayamba ndi buku, anapezamo nambala ya eni bwalo ndi mgwirizano wa Lachitatu, ndipo iwo eni ndi amene anaona kuti magalasi onse apitirira nthawi n'kupempha ndalama zosinthira asanakonze ulendo woyamba.

Lero kalabu ndi yaing'ono, imapita kukasewera kangapo pa teremu, ndipo chiyambireni dongosolo latsopano sipanalembedwe kuvulala kwina koposa zipsera ndi bondo lobinya. Komiti ya chaka chino yabweretsa pempho loti igulenso mfuti zake ndi matanki a mpweya wamba, chifukwa ikufuna kuyesa mpikisano ndipo mfuti zobwereka sizikwanira pamenepo. Pempholi lalembedwa bwino, ndipo amene walilemba amadziwa zida. Iyeyo akumaliza maphunziro chaka chamawa. Ku msonkhano wa matrasti ukubwerawu ndikapereka maganizo akuti mfuti zigulidwe koma zizisungidwa ndi kukonzedwa ku bwalo, pansi pa mgwirizano wolembedwa, ndipo matanki azibwerekedwabe komweko.